Amayi, za ndalama za akavalo zija ndiyankheko

Funso lanu ndaliwerenga kawiri, Amayi. Mwati bungwe la oweta akavalo likusonkhetsa ndalama zosamalira ziweto ndiponso zothandizira ana olumala powakweza pa kavalo, ndiye mukufunsa ngati si kutaya ndalama pomwe kuno ku Chipata sitinaiwale njala imene chilala cha 2024 chinatisiyira. Funsolo ndi lomveka ndithu. Ine ndagwira ntchito ya ziweto zaka zambiri m'midzi ya ku Katete ndi ku Chadiza, komanso kwathu kuli mwana wa mlongo wanga amene anabadwa ndi vuto lija la mu ubongo lolepheretsa thupi kuyenda bwino, limene akuchipatala amati cerebral palsy. Nkhaniyi imandikhudza konsekonse.

Kukweza mwana pa kavalo si maseŵera a anthu olemera monga ena alembera pansi pa funso lanu. Kavalo akamayenda pang'onopang'ono, msana wake umasuntha chiuno cha wokwerayo kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, pafupifupi mmene chiuno chimachitira munthu akamayenda ndi miyendo yake. Mwana amene sanapondepo phazi pansi amamva m'thupi mwake chimene kuyenda kuli. Poopa kugwa amalimbitsa msana ndi pamimba, amadzutsa khosi. Kufunda kwa thupi la kavalo kumafewetsa minofu youma ya m'ntchafu, n'chifukwa chake kaŵirikaŵiri samuikira chishalo cholimba, amangoyala kansalu kochindikala. Wathuyu anakwerapo kangapo pamene mayi ake ankakhala ku Lusaka. Mwana amene mutu wake unkangogwera pachifuwa ndinamuona ataudzutsa, akuyang'ana makutu a kavalo, akuseka mpaka malovu. Sanachire, ndipo wokuuzani kuti kavalo amachiritsa matendawa akunama. Koma pamphasa anayamba kukhala nthawi yotalikirapo osamutsamiritsa, ndipo kwa mayi womulera chimenecho n'chachikulu.

Nzeruyi siyatsopano. Mayi wina wa ku Denmark, Lis Hartel, anadwala poliyo mu 1944, miyendo inafa kuyambira m'mawondo kutsika. Ankachita kumunyamula pokwera kavalo, komabe mu 1952 ku Helsinki anapata mendulo ya siliva pa mpikisano wa Olympics, nabwerezanso mu 1956. Nkhani yake inatsegula maso madokotala ambiri, ndipo mu 1969 ku Britain kunakhazikitsidwa bungwe lokweza olumala pa akavalo la Riding for the Disabled Association.

Tsono chifukwa chimene ndalama za ziweto ndi za ana azimangira pamodzi ndi ichi: kavalo wodwala kapena wotsimphina sanganyamule mwana wotere. Akamatsimphina, mwanayo amalandira kayendedwe kopotoka. Akamamva ululu amadzidzimuka msanga, n'kumugwetsa. Kavalo wa makilo 450 amadya udzu wouma pafupifupi makilo 9 patsiku, madzi malita 20 mpaka 40, mvula igwe isagwe. Ziboda zake zimafuna kusemedwa pakatha milungu 6 kapena 8. Chaka chilichonse amafunika katemera wa African horse sickness, matenda obwera ndi tizilombo ting'onoting'ono toluma madzulo, amene amapha akavalo ambiri akangowagwira. Kuno kwathu onjezerani kashembe wa kuchigwa cha Luangwa, amene matenda ake kavalo salimba nawo. Musadabwe kuti mungayende kuchoka ku Nyimba mpaka ku Lundazi osaona kavalo ndi mmodzi yemwe. Ndipo mwana mmodzi akakwera, pamafunika akuluakulu atatu kapena anayi: wotsogolera kavalo, aŵiri ogwira mwana uku ndi uku, ndi wa fiziyo (wachipatala wolimbitsa ziwalo za thupi) woyang'anira zonse.

Pamene mtima wanga ukuŵaŵa ndi pa abulu. Bulu ndi mbale wake wa kavalo, ndipo ndiye amene tili naye m'midzimu. Ndaona abulu atawaika goli la ng'ombe pakhosi, pamene bulu mphamvu yake ili pachifuwa ndipo amafunika malamba otakata. Khosi limanyuka, ntchentche zimatera pachilonda, mwini wake amathirapo oilo wakuda wa galimoto n'kumumanganso kungolo m'maŵa mwake. Mwiniyo si wankhanza ayi, palibe anamuonetsa njira ina. Ngolo yomweyo ndi imene imatuta chimanga, mtedza ndi thonje, ndi imene imathamangitsa mayi wodwala kupita naye kukiliniki usiku. Bulu akagona, banja limagona naye. Bungwe la African Union mu February 2024 linagwirizana zoletsa kupha abulu chifukwa cha zikopa, poona kuti malondawo akumaliza abulu a anthu osauka. Choncho ndikamva mawu akuti kusamalira ziweto, ine ndimafuna kudziŵa ngati bulu wa ku Vubwi alimo.

Musanatumize kalikonse pafoni, Amayi, afunseni ngati bungwelo ndi lolembetsedwa kuboma, ndipo ndalama ipite ku akaunti ya bungwe, osati kunambala ya munthu. Afunseni amene amayang'anira ana pokwera, ngati anaphunzira za fiziyo, ndiponso ngati ana amavala zipewa zolimba. Pali ana ena osayenera kukwera, monga amene khunyu lawo silinagonje ku mankhwala, kapena amene mafupa a m'khosi ndi osalimba. Bungwe lodziŵa ntchito limayamba lafunsa kalata ya dokotala. Funso lalikulu kwa ife a kum'maŵa ndi lakuti ana athu akafikako bwanji, pakuti ngati akavalowo ali ku Lusaka, uko ndi pamtunda wa makilomita oposa 500, ndipo mayi wa mukomboni ya Mchini kapena ya Nabvutika muno mu Chipata ya basi yokha imamukanika. Oona mtima sakwiya ndi mafunso otere.

Ine ndaponyako kangachepe, ndipo ndawalembera kupempha kuti gawo lina ligule malamba a abulu ndi mankhwala a zilonda. Amene muli ndi mwana ngati wathuyu, musadikire kavalo: pitani naye kwa a fiziyo kuchipatala cha Chipata Central kapena cha St Francis ku Katete, akakuonetseni zomuchitira kunyumba tsiku ndi tsiku. Akandiyankha za abuluzo ndidzalemba pompano.