Kwa achimwene amene mwafunsa za opaleshoni yoika timachubu m'chida

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati shuga mwakhala naye zaka 12, mapilisi odzutsa chida anasiya kugwira ntchito, ndipo dokotala watchula zoika timachubu m'chida kuti chizidzuka. Mukufunsa ngati muvomere. Achimwene, mwandigunda pachilonda, chifukwa njira imeneyi inenso ndinaiponda.

Kwa ine zinayamba pang'onopang'ono. Usiku wina zatheka, wina zakanika, kenako zii. Ndinayamba kugona mochedwa dala, kudikira kuti mayi akunyumba agone kaye. Iwo ankaganiza kuti ndapeza wina. Zaka zitatu tinakhala choncho, bedi limodzi koma aliyense kuyang'ana kwake. Tsiku limene ndinawauza zoona analira, ndipo anati chimene chinkawapweteka sichinali chidacho ayi, koma kuti ndinawasiya akudziimba mlandu okha. Mawu amenewo mpaka lero amandilasa.

Sildenafil, amene ambiri timangoti Viagra, anavomerezedwa mu 1998 ndipo wathandiza amuna ochuluka. Inenso anandithandiza kwa kanthawi. Koma mapilisiwa amadalira mitsempha ya magazi ndi minyewa yomwe idakali ndi moyo, pamene shuga amadya zimenezo. Ndinayesa jakisoni wobaya m'chida momwemo, ndinayesa pampu yokokera magazi. Ndipo apa ndinenepo: ndimakwiya ndi anthu ogulitsa mankhwala osadziwika pa intaneti, olonjeza mphamvu za mnyamata. Ena mwa mankhwalawo amakhala ndi sildenafil wobisika, ndipo munthu amene akumwa mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate akhoza kukomoka kuthamanga kwa magazi kutatsika kwambiri. Komanso kusadzuka kwa chida nthawi zambiri ndi chenjezo loti mitsempha ya mtima nayo yayamba kuphinjika. Woyezetsa mtima msanga akhoza kupulumuka.

Dokotala woyamba amene ndinamuuza anangoti ndi ukalamba, ndivomereze. Ndinali ndi zaka 51. Sindigwirizana nazo m'pang'ono pomwe. Tikathothoka mano timaika ena, diso likachita ng'ala timachita opaleshoni, nanga apa manyazi achokera kuti? Opaleshoni imeneyi si yachilendo. Timachubu topopa anatiyambitsa dokotala F. Brantley Scott ku Houston, ku America, mu 1973, ndipo kuyambira pamenepo akhala akutikonza.

Zimene amaikazo

Pali mitundu iwiri. Wina ndi timitengo tiwiri tofewa tomwe mumangowongola mukafuna, n'kupinda mukatha. Ndi wosavuta, suwonongeka kawirikawiri, koma chida chimakhala cholimbirako nthawi zonse. Winawo, umene ndili nawo ine, uli ndi zigawo zitatu: timachubu tiwiri m'kati mwa chida, kathumba ka madzi a mchere m'munsi mwa mimba, ndi kapampu m'thumba la machende. Mukafinya kapampu madzi amalowa m'timachubu, chida n'kuuma. Mukatha mumadina, madzi n'kubwerera. Palibe choonekera kunja.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali chakuti sindidzamvanso kukoma. Ayi, kumva kuli pomwepo, kuthira kulinso monga kale. Chilakolako sachiwonjezera kapena kuchichepetsa. Koma mutu wa chida suuma monga umachitira mwachibadwa, ndipo ambiri timaona kuti chafupikako pang'ono. Masabata awiri oyamba ululu unali weniweni, ndisakunamizeni.

Tsono yankho langa ndi ili. Ngati mapilisi, jakisoni ndi pampu zonse zakanika, vomerani, koma mudziwe kuti kulibe kubwerera: minofu yodzutsa chida imawonongeka poikapo, ndiye akadzachotsa sichidzadzukanso chokha. Tsitsani shuga kaye, chifukwa choopsa chachikulu ndi chilonda kulowa tizilombo, zomwe zimachitikira munthu mmodzi mpaka atatu pa 100 aliwonse, ndipo zikatero nthawi zambiri amachotsa zonse. Funsani dokotalayo kuti opaleshoni zoterezi amachita zingati pachaka. Mudzadikira masabata 4 mpaka 6 musanakhale malo amodzi, ndipo pakatha zaka 10 kapena 15 mwina padzafunika kusintha timachubuto. Popita kukaonana ndi dokotala ulendo wotsatira, mutenge mayi akunyumba, nawonso afunse zawo.