Oimbawa sapuma?

Imelo ya sabata ino yandikhudza pabala. Mnyamata wina watumiza nyimbo ya mphindi zinayi yoti izilira pansi pa kafilimu kake, mawu oimba onse ndi a pa kompyuta, ndiye akuti achimwene bwanji ikumveka yozizira chonchi?

Mphwanga, zimenezi zinandionekerapo ine. Chaka china mnzanga anajambula kafilimu ka maliro a kumudzi, ndalama yoitanira kwaya panalibe, ndiye ndinati basi FL Studio, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira nyimbo, itiimbira. Ndinaunjika ma "aaa" ndi ma "uuu" asanu ndi limodzi, reverb, ija imachititsa mawu kumveka ngati ali m'holo yaikulu, ndikuthira ngati mwana wophunzira kuphika akapeza mchere, usiku wina magetsi anathima ndisanaseve mpaka kuyambiranso mawa lake. Nditamaliza ndinkadzimva katswiri. Mayi anga anamvera pa foni ali pamkeka akusankha nyemba, phee mpaka kumapeto, kenako anangoti, "Iwe, oimbawa sapuma? Amenewa ndi mizukwa."

Ndinakwiya masiku awiri, koma mayi ananena zoona. Pa siwa amayi akamaimba usiku wonse wina amalowa mochedwa, wina mawu asasa, wina akukoka mpweya pakati pa liwu chifukwa misozi yamutsamwa. Chisoni chimakhala mmenemo. Kwaya yanga inkayambira pamodzi ndendende, nkugwira noti imodzi masekondi khumi ndi awiri osagwedera, mapapo ake ati?

Ndipo makina oyankhula si a dzana ayi. Homer Dudley wa ku Bell Labs, malo a kafukufuku a ku America, anaonetsa makina oyankhula otchedwa Voder ku New York mu 1939, pulogalamu yoimba ya Vocaloid ya kampani ya Yamaha inayamba kugulitsidwa mu 2004, Hatsune Miku, woimba wa pa kompyuta wa ku Japan, nkubwera mu 2007 ndipo mpaka pano anthu amadzaza maholo kukamuonera. Miku sanamizira kukhala munthu, nchifukwa chake amakoma. Chomwe ine ndimadana nacho ndi chapakatikatichi, munthu ayi makina ayi. Sankhani chimodzi abale.

Pena pake ndisaiwale, ukafuna kompyuta iimbe Chichewa yesa mawu a Chijapani osati a Chingerezi, mavawelo awo ndi asanu ngati athu ndipo "ka, ki, ku" amatuluka bwino. Koma pa "ng'ombe" ndi "mphepo" utuluka thukuta, komanso makinawo sadziwa kuti mtengo wa mango ndi mtengo wa pamsika timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu.

Tsono nyimbo yako

Poyambira pali bwino, kaphokoso ka mphepo kaja kandisangalatsa, usakachotse. Vuto layamba mawu atalowa. Ayamba msanga, adikire kaye womvera akhazikike. Dzijambule pa foni ukupuma, uike mpweyawo patsogolo pa mzere uliwonse motsitsa volyumu. Mawu ena uwasunthe pang'ono asamayambire pamodzi. Reverb ichepetse ndipo uiike pre-delay (kampata kakang'ono reverb isanayambe) kuti liwu lizimveka lisanamire, mabesi a m'mawuwo udule ndi EQ (chida chochepetsera kapena kuonjezera mbali zina za mawu) chifukwa akulimbana ndi pad yako, phokoso lofewa la kumbuyo lija. Pomwe anthu a mufilimu akuyankhula, oimba akhale chete.

Ukakonza unditumizirenso, ndikawamveretsa mayi Loweruka.