Kuima pamzere kapena kuchonga papepala: agogo ayankha achinyamata osankha atsogoleri

Adzukulu anga a kalabu ya ulimi wamthirira, mwati mukufuna kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma koma mwagawanika. Ena akuti aliyense aime kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, monga zimachitikira pa zisankho zambiri zachipulula za zipani, poti n'zachangu ndipo palibe angabe voti anthu akuona. Ena akuti muchonge pamapepala. Mwafunsanso ngati wopambana ndi amene waposa anzake basi, kapena ayenera kuposa theka la ovota onse.

Yankho langa ndi lakuti muvote mobisa, muwerenge poyera, ndipo malamulo onse mugwirizane tsiku lisanafike. Madzi akatayika saoleka. Lamulo lobwera mavoti atawerengedwa kale aliyense amaliona ngati lokonzera munthu wina, ngakhale litakhala labwino.

Tiyambe ndi mzere. Mzere umawerenga matupi, koma zimene zili mumtima suzidziwa. Mkamwini amene ali pachikamwini sangakaime kwa wina pamene malume a mkazi wake akupikisana nawo. Mayi amene ali ndi ngongole ya feteleza kwa mmodzi mwa opikisanawo adzaima kumene kuli ngongoleyo. Wina amayamba wazengereza, n'kumayang'ana mzere umene ukutalika, kenako n'kuthamangira komweko kuti asaoneke wotsutsa. Wogula mavoti amaukonda mzere chifukwa amaona ndi maso ake ngati amene anawapatsa sopo ndi ndalama asunga pangano. Kuwatembenuza opikisanawo kuti ayang'ane kumbali sikuthandiza kwenikweni, poti abale awo ndi owachemerera akupenya onse ndipo madzulo akawauza. Vuto lina n'lakuti anthu akabalalika umboni watha. Wina akati munawerenga molakwa, mudzawerenganso chiyani?

Ku Kenya anaziyesa mu 1988, nthawi ya Daniel arap Moi. Chipani cha KANU chinasankha ofuna uphungu poimika anthu pamzere, njira imene ankaitcha mlolongo. Madandaulo anachuluka akuti m'malo ena wa mzere waufupi ndi amene ankalengezedwa kuti wapambana, ndipo patangopita zaka zochepa njirayo inasiyidwa. Kwathu kuno ku Malawi nkhani yachinsinsi inavutanso pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Boma linkafuna mabokosi awiri, lina la ofuna chipani chimodzi, lina la ofuna zipani zambiri. Omenyera matipate anakana, poti munthu akanadziwika ndi bokosi limene walowera, ndipo bokosi losafunikalo likanatha kusowa lonse panjira. Pomaliza anagwirizana bokosi limodzi loponyeramo voti, zizindikiro zili nyali ya ofuna zipani zambiri ndi tambala wakuda wa ofuna chipani chimodzi, ndipo nyali inapambana.

Nazi zoti muchite. Kutatsala sabata, mlembi awerenge pamsonkhano mayina a onse oyenera kuvota, ndipo ngati lamulo lanu likuti wosapereka chopereka cha pamwezi savota, linenedwe pomwepo kuti wofuna kulipira alipire. Chinyengo chambiri chimayambira pakaundula, munthu asanagwire n'komwe pepala. Oyendetsa chisankho akhale awiri kapena atatu ochokera kunja kwa kalabu, monga mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi, osakhala pachibale ndi wopikisana aliyense. Amfumu aitanidwe mwaulemu ngati mboni, apatsidwe mpando wawo, koma asapemphedwe kunena amene akumufuna. Mawu a mfumu ndi olemera, akangotchula dzina chisankho chathera pomwepo.

Mapepala akhale ofanana kukula ndi mtundu, owerengedwa bwino, ndipo kumbuyo kwa lililonse oyendetsa asainire kapena adindepo chidindo, kuti wina asabwere ndi lake m'thumba. Pambali pa dzina lililonse pakhale chizindikiro chosavuta, khasu, chimanga kapena ndowa, kuti wosadziwa kuwerenga asafunse munthu. Bokosi, ngakhale litakhala katoni kapena ndowa ya chivindikiro yoboola pamwamba, lionetsedwe kwa onse kuti mulibe kanthu, litsekedwe, liikidwe pakati pomwe aliyense akuliona. Pochongera ndiye pakhale pobisika: pakona ya kalasi, kapena kuseri kwa chitenje chomangidwa pamitengo iwiri. Cholembera chikhale chimodzi cha onse. Foni isalowe, chifukwa wogula voti masiku ano amafuna chithunzi cha pepala lochongedwa. Wosaona kapena wokalamba wonjenjemera manja asankhe yekha womuthandiza, ndipo munthu mmodzi asathandize anthu ambirimbiri, poti pamenepo m'pamene mavoti a agogo anzanga amabedwera. Aliyense akalandira pepala, dzina lake lichongedwe m'kaundula. Pachisankho cha dziko amaonjezera inki yosafufutika pachala, koma inu mumadziwana, kaundula akukwanirani.

Ena amakonda kuponya nyemba kapena njere za chimanga m'mabotolo. Njirayi imathandiza osadziwa kulemba, koma munthu angathe kubwera ndi njere zisanu m'chikhatho. Ku Gambia amavota ndi mabo mpaka lero: wovota amapatsidwa mabo imodzi, n'kukaiponya mu mgolo wa munthu amene akumufuna kuseri kwa chotchinga, ndipo mkati muli belu lolira kamodzi, kotero woyang'anira amamva ngati wina waponya ziwiri. Ngati mulibe njira yotere yogwirira wakuba, khalani pa pepala.

Kuwerenga kuchitikire pamalo omwewo, nthawi yomweyo, dzuwa lisanalowe. Bokosi likangoyenda kapena kugona m'nyumba ya munthu, kukayikirana kwayamba. Musathamangire kuona amene wapambana. Yambani mwawerenga mapepala onse ali chipindire, muyerekeze ndi mayina ochongedwa. Ngati munakonza mapepala 60 ndipo avota ndi anthu 47, m'bokosi mukhale 47, otsala ndi oonongeka asanaponyedwe akwane 13. Zikasiyana, imani kaye mupeze chifukwa. Kenako mmodzi atambasule pepala limodzilimodzi, alikweze m'mwamba, atchule dzina mokweza, aliike pamulu wake. Mulu uliwonse umangidwe khumikhumi ndipo womuimira wopikisana aliyense auwerengenso. Za voti yoonongeka mugwirizane kale: wochonga anthu awiri, wosachonga paliponse, kapena wolemba dzina lake, voti yake yaonongeka. Koma amene waika mtanda m'malo mochonga, pamene zikuonekeratu amene akumufuna, musamutayire voti chifukwa cha kalembedwe.

Zotsatira zilembedwe m'manambala ndi m'mawu omwe, 23 komanso makumi awiri ndi atatu, ndipo oimira opikisana onse asainire, aliyense atenge pepala lake. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi kuti nambala yakale izionekabe, lembani yolondola pambali, onse asainirepo. Musafufute. Mukukumbukira za chisankho cha pa 21 May 2019, pamene mapepala ambiri a zotsatira anapakidwa Tippex, ena n'kukhala osasainidwa bwino. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa zotsatira za mtsogoleri wa dziko, khoti lalikulu la apilo linavomereza, ndipo anthu anakavotanso pa 23 June 2020. Dziko lonse linabwerera kokavota chifukwa manambala a pamapepala sankadalirikanso.

Funso lanu lachiwiri lija ndi lalikulu kuposa momwe mukuliganizira. Tiyerekeze kuti mulipo 100 ndipo opikisana ndi atatu. Woyamba wapeza 40, wachiwiri 35, wachitatu 25. Mukati woposa anzake ndiye wapambana, mpando ndi wa woyambayo, chonsecho anthu 60 sanamufune. Mwina wachiwiri ndi wachitatu ali ndi maganizo ofanana, angogawana anthu awo. Ochenjera amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amanyengerera munthu wina kuti aime nawo ndi cholinga chongodula mavoti a mdani wawo. Dziko lathu layenda m'njira imeneyi zaka zambiri. Bakili Muluzi anapambana mu 1994 ndi mavoti pafupifupi 47 pa 100 aliwonse, Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi pafupifupi 36, Peter Mutharika mu 2014 ndi pafupifupi 36. Njira yotere imalimbikitsa munthu kudalira chigawo cha kwawo chokha, poti akangokolola kumeneko zamukwanira. Chigamulo cha 2020 chinati wopambana pa mpando wa mtsogoleri wa dziko apose theka la mavoti, chija mumati 50+1, ndipo Lazarus Chakwera anapeza pafupifupi 59 atagwirizana ndi Saulos Chilima ndi zipani zina. Ku Zambia lamuloli analiika mu 2016. Aphungu ndi makhansala athu ndiye amasankhidwabe mwakale, woposa anzake ndi voti imodzi watenga dera.

Pa mipando ya wapampando ndi msungichuma, ine ndikuti wopambana apose theka. Wosunga ndalama za anthu sayenera kukhala amene ambiri anamukana. Pakasowa woposa theka, awiri apamwamba abwereze tsiku lomwelo anthu asanabalalike, choncho konzeranitu mapepala a ulendo wachiwiri. Pa mamembala wamba a komiti samalani china: ngati mipando ndi isanu ndipo aliyense achonga mayina asanu, mudzi waukulu utenga yonse, wa kutsidya kwa dambo osapeza ngakhale umodzi. Gawiranitu mipando potengera midzi, ndipo munene kuti ingati ndi ya amayi. Ku South Africa mipando 400 ya nyumba ya malamulo imagawidwa molingana ndi mavoti amene chipani chapeza, kuti ochepa nawo amveke, ngakhale kuti kutero munthu sakhala ndi phungu wa dera lake womuloza chala.

Za kavoti ka pa WhatsApp kamene ena ayambitsa kuti aone amene akutsogola, kasiyeni. Amayankha ndi okhawo ali ndi foni ndi bandulo, mayina awo akuonekera, ndipo zotsatira zake zimangogwetsa ulesi otsatira amene akuoneka wotsalira. Akafukufuku enieni monga a Afrobarometer amasankha anthu pafupifupi 1,200 mwamaere m'zigawo zonse, m'midzi ndi m'matauni, n'kuwafunsa payekhapayekha, komabe amanena okha kuti manambala awo angaphonye ndi 3 pa 100.

Awiri akafanana mavoti, bwerezani kamodzi, zikafanananso chitani maere pamaso pa onse, ndipo izinso zilembedwe kale. Wopambana asakavinire pakhomo pa mnzake, ayambe ndiye kukamupatsa moni, poti mawa adzakumana pa ngalande imodzi ya madzi. Wodandaula apatsidwe masiku asanu ndi awiri okaonekera kwa oyendetsa chisankho, osati kukalalata pamsika. Mapepala onse, ovoteredwa, oonongeka ndi otsala, amatidwe mu envelopu, oimira opikisana asainire pomatapo, ndipo asungidwe ndi mmodzi mwa oyendetsa aja mpaka masiku odandaulira atatha.