Yankho kwa mchemwali wa ku Mchinji wofunsa za ofufuza a BP ndi kunenepa

Mchemwali, mwafunsa wofufuza woti mutsamire pa nkhani ya BP ndi kunenepa, mmene mungadziwire kuti ntchito yake ndi yolemera, komanso kopeza ndalama za kafukufuku wanu wa amayi ogulitsa mumsika wa pa boma. Za ndalamazo akuyankheni ena.

Yambirani kwa John E. Hall wa ku University of Mississippi Medical Center ku America. Ngati munakhalapo m'kalasi ya physiology ndiye kuti mwamunyamulapo kale, ndi Hall yemwe uja wa pachikuto cha chibuku cha Guyton and Hall. Arthur Guyton, amene analiyambitsa bukulo, anamwalira mu 2003, bukulo n'kulipitiriza iyeyu. Mfundo imene amadziwika nayo ndi yakuti BP ya munthu wonenepa muziisaka ku impso. Mafuta akadzadza m'mimba amapanikiza impso, mitsempha ya sympathetic (ija yothamangitsa mtima munthu akadzidzimuka) imachangamuka mopitirira muyezo, renin ndi aldosterone (timadzi ta m'thupi tothandiza kusunga mchere) zimakwera, ndiye impso zimaumira mchere ndi madzi m'malo mozitaya mumkodzo. Kuti mcherewo utuluke, thupi limachita kukweza BP. Leptin, homoni yochokera m'mafuta imene gulu la Jeffrey Friedman linatulukira mu 1994, nayonso ili ndi dzanja pamenepo. Mu 2015 Hall ndi anzake analemba m'magazini ya akatswiri yotchedwa Circulation Research kuti kunenepa kumatenga gawo la 65 mpaka 75 pa 100 la chiopsezo cha BP wamba ija yosachokera ku matenda ena. Pepala limenelo lisakeni pa PubMed, tsamba la pa intaneti losakirapo mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, muliwerenge modekha ndi pensulo m'manja.

Achimwene ena amene anakuyankhani pa zodziwira kulemera kwa wofufuza kuti "ingoonani h-index pa Google Scholar" sananame, koma afulumira. Munthu wa h-index ya 40 ndiye kuti ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa ndi ena kosachepera ka 40. Nambala imeneyi imakondera akuluakulu amene akhalitsa pantchito, ndipo siikuuzani ngati zimene anapeza zikugwira kwa mayi wogulitsa tomato ku Mchinji. Zambiri za Hall anaziyesa pa agalu odyetsedwa zamafuta ndi pa makoswe. Kafotokozedwe kake ka mmene thupi limachitira n'kolimba, koma musakoke ziwerengero za ku America n'kuziika pa anthu athu. Za kuno tengani kafukufuku wa STEPS wa 2009 (wa m'dziko lonse la Malawi, wotsatira njira ya bungwe la WHO), amene anapeza BP yokwera mwa munthu pafupifupi mmodzi pa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, ndi wa bungwe lofufuza zaumoyo la MEIRU wa ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe, wotuluka mu 2018. Wa MEIRU-yu anaonetsa kuti kunenepa kwachuluka mwa amayi a m'tauni, koma BP yokwera ili ndi kumudzi komwe. Ndiye woonda musamudumphe.

Tsopano chimene ndalembera zonsezi: makina. Kuno ku Kasungu pa shopu ina anatigulitsa makina a BP otchipa, wogulitsa akulumbira kuti lamba wake womanga pamkono amakwana aliyense. Titafika kwa amayi ena a mkono waukulu, lambayo anangokumana nsonga zokha, makina akupopa, lambayo akumatuka pwee. Tinamugwirizira ndi dzanja, nambala n'kutuluka yoopsa moti mayiwo anayamba kuitanitsa ana awo pafoni. Kukayezanso kuchipatala ndi lamba wamkulu, BP inali yokwerako pang'ono chabe. Shopuyo inakana kubweza ndalama. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza nambala, ndipo inu anthu amene mukufuna kuyeza ndi onenepa omwewo. Mungathe kubwerako ndi "umboni" wokongola woti onenepa onse ali ndi BP, chikhalirecho mwayeza lamba. Makina a padzanja penipeni, ovala ngati wotchi aja, asiyeni. Gulani a pamkono, ndipo musapereke ndalama musanaone lamba wamkulu ndi maso anu. Abwinoko ndinkawaona cha m'ma K80,000 kupita m'mwamba, lamba wamkulu padera, koma ndi mmene kwacha ikuchitiramu funsani kaye m'mafamase a ku Lilongwe.

Poyeza, munthu akhale pansi mphindi zisanu, atsamire, mkono uli patebulo, asakucheza. Mayi amene wangotsitsa dengu pamutu musamuyeze nthawi yomweyo. Yezani kangapo, ndipo mulembe poyera kuti malire anu ndi 140/90, chifukwa a ku America anatsitsa awo kufika pa 130/80 mu 2017, mukasakaniza ziwirizi aphunzitsi anu akubwezerani pepala.

Sikelo yokha sikwanira, popeza mafuta amene Hall akudandaula nawo ndi a m'mimba. Gulani tepi ya atelala muziyezanso chiuno. Ndipo musayambe kugwira mkono wa munthu musanatenge chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ndi kalata ya kwa a DHO, ofesi yoyang'anira zaumoyo m'boma lanu. Wapampando wa msika mukamuonenso, apo ayi amayiwo akuuzani kuti mubwere mawa mpaka mudzatopa.