Katemera akavala makaka a chipani

Owerenga wina amene amagwira ntchito ya zaumoyo watilembera imelo. Akuti: "Anthu ena akukana katemera poti ndi wa boma lomwe iwo sanalivotere. Kodi zimenezi zimaonongadi thanzi la anthu, kapena ndi phokoso la ndale chabe? Nanga ine ndipange bwanji?"

Zimaononga ndithu, ndipo poyambira ndi kumene okanawo amakhala. Otsatira chipani chimodzi kawirikawiri amakhala dera limodzi, amapemphera pamodzi, ana awo amaphunzira sukulu imodzi. Tsono akakana, amakana onse pamalo amodzi. Kuti chikuku chisafalikire pamafunika ana 95 mwa 100 alionse abayidwe, kawiri. Tiyerekeze kuti muli ndi madera khumi ofanana kukula: asanu ndi anayi afika 97, limodzi lili pa 60. Pa lipoti mulemba 93, akuluakulu nkuombera m'manja. Koma wodwala chikuku mmodzi amatha kupatsira anthu 12 mpaka 18 osatetezedwa, ndipo mliri ubukira m'dera la 60 lija.

Zinachitika kumpoto kwa Nigeria mu 2003. Atsogoleri andale ndi achipembedzo m'zigawo za Kano, Zamfara ndi Kaduna anaimitsa katemera wa poliyo ponena kuti muli mankhwala oletsa kubereka. Kano inayambiranso mu July 2004, atabweretsa katemera wopangidwa ku Indonesia, dziko lomwe ambiri ndi Asilamu. Poliyo wochokera kumeneko anafika m'maiko pafupifupi 20 omwe anali atathana naye kale. Onani chomwe chinatsegula khomo: katemera wochokera m'manja mwa anthu omwe okanawo ankawakhulupirira.

Ku United States nako, ofufuza a pa yunivesite ya Yale anaunika imfa za anthu olembetsa kuvota m'zigawo za Ohio ndi Florida. Katemera wa Covid-19 atafika kwa akuluakulu onse mu April 2021, imfa zopyola chiwerengero cha masiku onse zinali zochuluka ndi 43 peresenti kwa otsatira chipani cha Republican poyerekeza ndi a chipani cha Democrat, chomwe chinali m'boma.

Tsono inuyo yambani ndi kaundula. Gawani ziwerengero dera ndi dera, ndipo lembani chifukwa cha mwana aliyense wosabayidwa: mayi anakana, katemera anatha, kapena mtunda unatalika? Ambiri amalakwitsa apa, onse nkuwatcha "okana", chonsecho ena anangopeza chipatala chili chotseka.

Pamalo obayira pasapezeke nsalu, nyimbo kapena chithunzi cha chipani chilichonse. Wandale akaumirira kudzatsegulira ntchito yobaya katemera, itanani wa mbali inayo, onse abayitse pamaso pa anthu. Zikakanika, bola asabwere aliyense. Wolankhula akhale munthu amene deralo limamumvera kale, kaya namwino wawo, kaya mtsogoleri wa chipembedzo chawo.

Nenani zotsatira za katemera musanabaye: mkono kupweteka, thupi kutentha tsiku limodzi kapena awiri, komanso kumene angapite zikapitirira. Mukabisa, mwana woyamba kutentha thupi asanduka umboni wa mphekesera. Malangizo akasintha, fotokozani chimene chasintha ndi chifukwa chake, apo ayi anthu aganiza kuti boma linkanama kuyambira pachiyambi.

Wokana musakangane naye pagulu (munthu sasintha maganizo anzake a chipani akumuyang'ana). Mufunseni payekha chomwe chikumudetsa nkhawa, muyankheni pa chokhacho, muuzeni tsiku lomwe mudzabwerenso, ndipo tsikulo mubweredi.