Theka la chaka m'chipatala cha asilikali chifukwa cha bala la pamwendo?

Mayi wina wa ku Chilomoni walemba pa imelo. Akuti agogo awo aamuna anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles), anakamenya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Burma (lero ndi Myanmar), ndipo anabwerako akutsimphina. Pabanja pamakambidwa kuti anagona m'chipatala cha asilikali ku India pafupifupi theka la chaka. Ndiye akufunsa kuti bala limodzi lingagoneke bwanji munthu nthawi yonseyo, nanga ankachitamo chiyani.

Mayi, theka la chaka si bodza ayi. Tiyambe ndi kumene agogowo anali. Anyamata ambiri a kuno anali m'gulu lalikulu la 11th East African Division, lomwe linayamba lakhala ku Ceylon (lero ndi Sri Lanka), kenako mu 1944 n'kulowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya dzinja lenileni, mpaka kukafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala chaka chomwecho. Chigwacho chinkadziwika ndi matenda. Mkulu wa asilikali a Britain pa nkhondoyo, William Slim, analemba kuti mu 1943, pa msilikali mmodzi aliyense wochotsedwa kunkhondo chifukwa chovulala, ochotsedwa chifukwa chodwala ankakwana 120. Malungo, kamwazi, zilonda za m'miyendo, ndi nthenda ina ya typhus yobwera ndi tizilombo ta m'tchire. Choncho wolasidwa kawirikawiri ankafika kwa dokotala thupi litatha kale.

Tsono bala la nkhondo si la mpeni wa kukhitchini. Chipolopolo kapena chidutswa cha bomba chimalowa ndi nsanza za yunifolomu ndi matope omwe, n'kuphwanya mnofu wa mkati kuposa mmene pakuonekera kunja. Ukalisoka tsiku lomwelo, watsekera mafinya mkati, mwendo uwola. Madokotala anaphunzira zimenezi movutika pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, moti ankacheka mnofu wonse wakufa, kulisiya bala lili yasa kwa masiku angapo, ndipo ankasoka pokhapokha ataona kuti layera. Ngati fupa la pantchafu lathyoka, mwendo ankaumangirira pa chitsulo chotchedwa Thomas splint, kenako n'kuukoka ndi zolemera munthu ali chagada. Pamenepo pokha miyezi itatu inkapita. Fupalo likalowa mafinya, bala linkatseka n'kutsegukanso, kutulutsa tizidutswa ta fupa mwezi ndi mwezi. Penisilini anali atangoyamba kumene kufika m'zipatala za asilikali, ndipo ku Burma zinthu zambiri zinkafika mochedwa poyerekeza ndi ku Ulaya. Onjezanipo malungo obwerezabwereza. Mapilitsi ake, mepacrine, ankasandutsa khungu kukhala lachikasu.

Ulendo wakenso unali wautali: pamachira kuchoka pomwe wagwera, pa jipi m'matope, kenako ndege ya Dakota kupita ku zipatala zikuluzikulu za kumbuyo monga za ku Comilla, komwe nthawi imeneyo kunali ku India. Ndege zimenezi zinapulumutsa anthu ochuluka omwe akanafera panjira.

Nanga ankachitamo chiyani? Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse. Chipatala cha asilikali sichinali cha wodwala, chinali cha gulu la nkhondo. Ntchito yake inali kusankha: uyu abwerere kutsogolo, uyu apite kokagwira ntchito zopepuka, uyu watha ntchito abwerere kwawo. Munthu akangoyamba kuponda pansi ankamusamutsira ku msasa wa ochira, kumene kunali perete m'mawa, majowajowa, kuyenda mitunda yowonjezereka sabata ndi sabata, mpaka madokotala atakhala pansi n'kumuika m'gulu lomuyenera. Sajeni analipo ndithu, ngakhale uli pa ndodo. Zipatala zinkasiyanitsa azungu, amwenye ndi anthu akuda, ndipo dokotala wosadziwa Chinyanja kapena Chiswahili ankadalira madresala achikuda kuti amve pomwe pakupweteka. Madresala amenewa ndi amene ankatsuka mabala, kutembenuza odwala ndi kutaya zoipa usiku, koma mayina awo samveka kawirikawiri.

Nthawi yotsala inali ya kusungulumwa. Odziwa kulemba ankalembera anzawo makalata opita kumudzi, ndipo kalata inkayamba yawerengedwa ndi akuluakulu isanatumizidwe. Ena anaphunzira kuwerenga ali komweko. Za mutu ndiye zinkasamalidwa pang'ono. Azungu anali atayamba kulemba za asilikali osokonezeka maganizo ndi mabomba kuyambira mu 1915, koma wathu wobwebweta usiku ankangobwera naye kumudzi, azimayi a pakhomo n'kuona chochita. Ine ndimaona kuti kuchira kwenikweni kwa ambiri kunachitikira pakhonde, popanda malipiro kwa owasamalawo.

Tisaiwale kuti makolo a agogowo anaona zoposa apa. Pa nkhondo yoyamba ija, ya Chiwaya, kuyambira pa kumenyana kwa ku Karonga mu Seputembala 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anasenza katundu ngati atengatenga. Iwo sankawerengedwa ngati asilikali, ndipo chisamaliro chawo chinali chotsalira. Kamwazi, chibayo ndi njala zinapha ochuluka, chimfine cha 1918 n'kudzamaliza. John Chilembwe anali atadandaula kale mu Novembala 1914, m'kalata yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times ya muno mu Blantyre, kuti osauka akufera nkhondo ya eni n'kusiya amasiye.

Ngati mukufuna kulondola za agogo anu, fufuzani kaye m'masutikesi akale kabuku kowatulutsira usilikali, chifukwa nambala yawo ndi batalioni zimakhala mmenemo. Mendulo ya Burma Star ikapezeka ndiye umboni woti anatumikiradi pa nkhondo imeneyo. Muli ndi nambalayo, pitani ku National Archives ku Zomba, komanso ku laibulale ya Society of Malawi pamwamba pa Mandala House, pompano m'tauni, komwe kuli mabuku ndi zithunzi zakale. Koma musanakwere minibasi, khalani pansi ndi azakhali aakulu pabanja panu muwafunse ngati balalo linkatulukabe mafinya agogo atabwera. Akati inde, n'kutheka kwambiri kuti fupa ndi limene linawagoneka.