Bwanji osangoponya mabomba nkhondo n'kutha?

Wina mwa inu wanditumizira imelo: ngati asilikali akudziwa kuti zigawenga zabisala m'njira za pansi pa nthaka, bwanji osangotumiza ndege kukaphulitsa, nkhondo n'kutha? Funsoli landikhudza pachilonda, chifukwa ndi mawu omwewa amene mlamu wanga ankanena mu May 2021.

Nthawi imeneyo Israel inatumiza ndege pafupifupi 160 usiku umodzi kukaswa njira zapansi za Hamas, gulu la Apalestina lomwe linkalamulira Gaza, zomwe asilikali a Israel anazipatsa dzina loti "Metro". Mlamuyo anali m'manja phuphuphu patsogolo pa TV, ati zatheratu basi. Ine pakamwa ndinatseka, poti mlongo wake anali atandiponda kale phazi. Pa 16 May mabomba anagwera mu msewu wa al-Wehda, mumzinda wa Gaza. Israel inati inkalunjika njira zapansi, koma nthaka itagumuka nyumba za anthu zinatitimira momwemo. Anthu oposa 40 anafa usiku umenewo, ana ali m'gulu lomwelo. Mlamu uja anangosintha tchanelo kuika mpira. Nkhaniyi sitinaikambenso, koma ine ikadali kukhosi, ndipo ndinene mosapsatira: munthu woombera m'manja mabomba ali pa sofa sindimupatsa ulemu, kaya akukondwera ndi mbali iti. Nawonso okumba maenje pansi pa nyumba zogona ana sindiwaikira kumbuyo, amadziwa bwino amene denga lidzamugwere.

Komanso si zachilendo izi. Ku Cu Chi, ku Vietnam, komwe a Viet Cong, gulu lomwe linkamenyana ndi America, anakumba maenje obisalamo, America inakhuthula mabomba ndi ndege za B-52, koma mu 1966 ndi 1967 inkatumizabe anyamata kukwawa m'maenjemo, dzanja lina tochi, lina mfuti yaing'ono. Mu 1968 a Viet Cong anatulukira komweko kukathira nkhondo ku Saigon, likulu la South Vietnam panthawiyo. Ku Tora Bora, ku Afghanistan, mu 2001 America inasambitsa mabomba mapiri a mapanga, Osama bin Laden, mtsogoleri wa al-Qaeda, n'kuwapulumuka.

Nanga yankho lanu?

Ndege imaswa khomo ndi chigawo chimene akazitape achilozera, pomwe njirazi zili ndi mphanda ndi makomo ambirimbiri, ndipo chogumuka amachilambalala n'kukumbanso pambali. Kuya kwake nakonso ndi nkhani: mu December 2023 Israel inaonetsa njira ina pafupi ndi chipata cha Erez cha m'malire a Gaza ndi Israel, yotalika makilomita 4, yofika mamita 50 pansi, yoti galimoto n'kudutsamo. Apo n'kuti patapita zaka ziwiri ndi theka chiphulitsireni "Metro" ija.